Chikhakha chikachoka, yesani mkono ndi phazi mbali zonse

A Mkonzi,

Munthu akamuchotsa chikhakha, kugwedeza zala kokha sikusonyeza kuti mkono wachira. Chimodzi mwa zimene zimavuta kubwerera ndi kutembenuza chikhatho.

Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, radius kumbali ya chala chachikulu ndi ulna kumbali ya chala chaching'ono. Mukagadamitsa chikhatho ngati mukulandira chinthu, mafupawa amagona moyandikana, ndipo achipatala amati supination. Mukachivundikira, radius amadutsa pamwamba pa ulna. Imeneyo ndi pronation. Mbali iliyonse mkono wabwino umafika madigiri pafupifupi 80. Fupa likalumikizana mokhota, njira yodutsirayo imatsekeka, munthu n'kumalephera kutsegula loko ndi kiyi.

Poyesa, pindani chigongono madigiri 90, chigunde m'nthiti, mufumbate pensulo choimika, kenaka muigonetse uku ndi uku. Chigongono chisachoke m'nthitimo. Ambiri amanamizika pamenepa, chifukwa phewa limathandizira ndipo mkono wouma umaoneka ngati ukuyenda. Yerekezani ndi mkono winawo.

Phazi nalo lili ndi zake. Kulikweza kuti zala ziloze kubondo ndi dorsiflexion, madigiri pafupifupi 20; kuliloza pansi ngati mukunyang'ama ndi plantarflexion, pafupifupi 50. Kuti munthu ayende bwino pamafunika madigiri osachepera 10 okweza. Akaperewera, chidendene chimanyamuka msanga ndipo kunjuta kumavuta. Kupendeketsa phazi kuti kunsi kwake kuloze mkati ndi inversion, kuloze kunja ndi eversion. Kubinya kwambiri kumachitika phazi likapindikira mkati, n'chifukwa chake kutupa kumakhala kunja kwa kakolo.

Koma tisiyanitse kuuma ndi kufooka, pakuti apa m'pamene timadandaula kuona anthu akuchedwa kunyumba. Ngati wina angakukwezereni phazi mosavuta koma inu nokha simungathe, zala n'kumakhulika pansi poyenda, vuto si kuuma. Nthawi zambiri ndi mtsempha wolamula minofu wotchedwa peroneal, umene umadutsa pansi pa khungu kunja kwa bondo, pomwe m'mphepete mwa chikhakha mumatha kufinya. Dzanja lolendewera losadzuka limaloza mtsempha wa radial, makamaka likathyoka fupa lapakati pa phewa ndi chigongono. Chala chachikulu chikamalephera kukhudza nsonga ya chaching'ono, tikayikire mtsempha wa median. Zotere, komanso dzanzi losatha, musazisisite kunyumba. Bwererani kuchipatala msanga, mukanene ndendende mbali imene ikukanika.

Ogwira ntchito ya fizio