Musanagule injini ya big-block, sankhani kaye galimoto yoti iinyamule

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi anzanga okonda magalimoto amene akulakalaka kuika injini yakale ya ku America, ija yaikulu ya V8 imene amati big-block, mu station wagon yamakono. Chilakolakocho n'chomveka. Chevrolet 454 LS6 ya mu 1970, ya malita 7.4, inkatulutsa mahosipawa 450. Koma ambiri amathamangira kugula injini, pamene ntchito yonse imayenda kapena kukanika malinga ndi galimoto imene mwasankha.

Ma wagon okoka ndi matayala akutsogolo asiyeni, injini yake nthawi zambiri imakhala chopingasa ndipo pansi palibe njira ya puropela. Pa okankhira kumbuyo, ambiri amakopeka ndi Dodge Magnum ya 2005 mpaka 2008, n'kumaganiza zoikamo big-block ya Chrysler yotchedwa 440. Vuto la Magnum ndi makompyuta. Injini, giyabokosi, ABS, kiyi ndi mageji onse amalankhulana pa mawaya olumikiza makompyuta otchedwa CAN bus. Mukachotsa kompyuta ya Hemi, injini imene Magnum inabwera nayo, giyabokosi yake ya NAG1 imasowa uthenga wa mphamvu ya injini n'kukakamira giya imodzi, mageji amafa, magetsi ochenjeza amayaka pa deshibodi. Komanso 440 simangika ku NAG1, ndiye mufunika giyabokosi yakale ya TorqueFlite 727 ndi njira yatsopano youzira galimoto liwiro lake. Zimatheka, koma ndi ntchito ya katswiri wa mawaya kuposa ya makaniko.

Ine ndimalangiza Chevrolet Caprice wagon kapena Buick Roadmaster Estate za 1991 mpaka 1996. Zili ndi chasesi chosiyana ndi bodi, malo a injini ndi otakasuka, ndipo mabowo omangira giyabokosi pa 454 ndi ofanana ndi a small-block, injini yocheperako imene mukuchotsamo. Ngakhale zili choncho, tsitsiranimo kaye buloko ndi mahedi musanagule china chilichonse. Onani ngati sampu ikugunda chitsulo chopingasa cha chasesi, ngati mapaipi a ekizozi akukhudza shafuti ya chiwongolero, ndiponso ngati chivundikiro cha mavalavu cha kumanzere chikupanikizana ndi busita ya mabuleki. Za boneti, ikani kampira ka dongo pamwamba pa fyuluta ya mpweya, tsekani boneti pang'onopang'ono, kenaka muyeze dongolo. Likaphwanyika mpaka kuchepera sentimita imodzi, injini ikamagwedezeka idzagunda boneti.

454 ya mahedi achitsulo imalemera pafupifupi makilogalamu 310, pamene small-block ili cha m'ma 260. Kulemera kowonjezerako kumagwera matayala akutsogolo, galimoto imawerama ndipo pokhota imafuna kungopitirira. Masipuling'i olimba ndi ma shock oyenerana nawo n'zosazembeka, ndipo mahedi a aluminiyamu amapeputsako ndithu.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimapha injini zambiri, ndipo ndikufuna owerenga achimvetse bwino. Ma big-block ena a Chevrolet, 396 ndi 427, amabalansidwa mkati, koma 454 imabalansidwa kunja: flexplate yake (mbale yolumikiza injini ku giyabokosi) ndi damper ya kutsogolo kwa kirankishafuti zili ndi chitsulo cholemera mbali imodzi. Flexplate ya 427 imamangika bwinobwino pa 454 yakale, mabawuti onse amalowa, choncho munthu saona cholakwika. Akailiza, injini imanjenjemera, iye n'kumaganiza kuti ndi ma mounting, chonsecho mabering'i a kirankishafuti akudyeka. Yang'anani chitsulocho ndi maso anu musanamange giyabokosi.

Giyabokosi ya 4L60E, imene imapezeka m'ena mwa ma wagon amenewa, sikhalitsa kumbuyo kwa injini yotere. TH400 ndi yolimba koma ili ndi magiya atatu okha, ndiye paulendo wautali injini imangolira n'kumameza petulo. Yoyenera ndi 4L80E, imene giya yake yachinayi ndi 0.75. Imafuna kompyuta yakeyake ndi sensa ya pa kabureta youza mmene mwapondera moto. Ndi yaikulu, choncho chitsulo choigwira chisunthidwe ndipo puropela ifupikitsidwe. Kupendekeka kwa giyabokosi ndi kwa difu kusasiyane kuposa digiri imodzi, apo ayi galimoto imanjenjemera ikathamanga.

Samalani ndi mafuta. Pampu ya m'thanki ya ma wagon a injini ya LT1, kuyambira 1994, imakankha kupitirira 40 psi, ya 1991 mpaka 1993 imakankha 9 mpaka 13, pamene kabureta imafuna 5 mpaka 7 basi. Mukalumikiza chindunji, petulo amasefukira pa injini yotentha ndipo moto sachedwa. Ikani regulator, chochepetsa mphamvu ya pampu, yokhala ndi paipi yobwezera mafuta kuthanki. Za kuziziritsa injini, pafunika rediyeta yaikulu ya aluminiyamu, choziziritsira oyilo wa giyabokosi, ndi swichi ya kutentha yoyatsa mafani, popeza pa ma wagon a LT1 kompyuta imene inkawayatsa mwaichotsa.

Injini yeniyeniyo ili ndi zofuna zake. Mahedi akale anapangidwira petulo wa mtovu, ndiye aikeni mipando yolimba ya mavalavu a ekizozi. Kamushafuti ya mtundu wakale, yotchedwa flat-tappet, imafuna oyilo wa zinc wochuluka, ndipo poiliza koyamba muisunge pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30 osaisiya pa silo. Mukaisiya pa silo oyilo sawazikira mokwanira pa kamushafuti, nsonga zake zimaperepeseka tsiku lomwelo.

Pomaliza pali lamulo, limene ambiri amalikumbukira ntchito itatha. Ku United States, kwawo kwa magalimotowa, bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA limafuna kuti injini yolowa ikhale ya chaka chofanana ndi cha galimoto kapena yatsopano kuposa pamenepo, ndi zida zake zonse zochepetsa utsi. Sililolanso kuika injini ya magalimoto olemera m'galimoto yaing'ono. Ku California galimoto yosinthidwa injini imakaonetsedwanso kwa woyeza wa Bureau of Automotive Repair. Choncho 454 ya kabureta ya mu 1970 mu wagon ya 1995 siloledwa pamsewu kumeneko. Kulikonse kumene muli, funsani oona za ziphaso za magalimoto ndi a inshuwaransi injini yakale isanatuluke m'galimotomo.

Ndine wanu,
Wowerenga