Kalata kwa makasitomala athu a ma 4x4: tasintha kamangidwe ka zamagetsi

Mabwana ndi madona, makasitomala athu okondedwa,

Tikukhulupirira muli bwino, nafenso kuno ku galaja tadzuka bwino. Takulemberani chifukwa kuyambira pa 1 mwezi wa mawa pasintha zingapo pa ntchito yomanga ma spotlight, winchi (makina okokera galimoto ikatitimira), filiji ndi zina zodya magetsi pa magalimoto anu, ndiye taona kuti kuli bwino mumve kwa ife eni ake, musadzadabwe mutafika kale pa geti nkumati anyamatawa ayamba matama.

Nkhani yaikulu ndi iyi: filiji, magetsi a pamsasa, inverter (kabokosi kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ndi masoketi ochajira mafoni sitidzamanganso pa batire yolizira injini. Zonsezi zizikhala pa batire yachiwiri, ndipo pa galimoto zatsopanozi batire yachiwiriyo izichajidwa ndi DC-DC charger (kabokosi kochajira batire yachiwiri kuchokera ku magetsi a galimoto) osati ka solenoid (kaswichi kolumikiza mabatire awiriwo) kamene takhala tikuika zaka zonsezi.

Apa tiyambe ndi kuvomera, ifenso tinalakwitsapo. Solenoid ija imagwira bwino pa galimoto zakale monga Land Cruiser ya injini ya 1HZ kapena Hilux yakale, chifukwa alternator yake (chipangizo chochaja batire injini ikamalira) ikangolira imapereka ma volt 14 kapena kuyandikira pamenepo ulendo onse, solenoid ikaona voltage yakwera kudutsa 13 imalumikiza mabatire awiri aja basi zatheka. Koma galimoto zambiri zatsopano, Ford Ranger ndiye chitsanzo chomwe timakumana nacho kwambiri, zili ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, ikaona kuti batire ya injini yadzadza imatsitsa voltage mpaka cha m'ma 12 kuti ipulumutse dizilo, ndiye solenoid imaganiza kuti injini yathima nkumasula. Munthu wayenda kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Rumphi tsiku lathunthu akuganiza kuti batire yakumbuyo yadzadza, kufika ku Chelinda pa Nyika usiku filiji yathima, nyama yomwe anagula yayamba kale kukamba zina. Ena mwa inu munabwera kudzadandaula, ife nkumakuuzani kuti batire ndi imene yafa, kusinthitsa ina, miyezi ingapo yafanso. Batire sinali yolakwa, imafa ndi njala. Pepani kwambiri.

DC-DC charger imatenga voltage iliyonse yomwe alternator yapereka nkuikweza kufika pomwe batire yachiwiri ikufuna, ndipo zambiri zimakhala ndi polowetsa sola, ndiye mukaima masiku awiri atatu ku nyanja mungoyala panelo padzuwa filiji izingoyenda injini osaliza. Timaika ya ma amp 25 kawirikawiri, ya 40 ndi ya amene ali ndi mabatire akuluakulu. Ndipo poti tili pomwepa, batire ya mtundu wa AGM ya 100Ah (muyezo wa magetsi omwe imasunga) musamaiwerengere 100 yonseyo, mukamaitsitsa kupitirira theka pafupipafupi sichedwa kutha. Ya lithium mutha kuitsitsa kwambiri ndipo ndi yopepuka koma mtengo wake ndi wina, komanso sitidzaiika mu boneti ngakhale mutichonderere bwanji, imadana ndi kutentha, malo ake ndi kuseri kwa mpando kapena kumbuyo mu bokosi.

Chachiwiri, mawaya obwera nawo nokha sitilandiranso. Light bar (nyale yaitali ija ya timagetsi tambiri) kapena ma spotlight mukagula kwanu bweretsani, tiyesa kaye pa benchi, zikakhala bwino timanga, koma ka mtolo ka mawaya kobwera mu katoni limodzi ndi magetsiwo muzikasiya kunyumba. Chatipangitsa ndi galimoto ina yomwe inabwera chokokedwa nyengo ya mvula yathayi, mwini wake anamangitsa light bar kwinakwake, sitinena kuti kuti, waya anaudutsitsa pa bowo la chitsulo popanda kalabala kotchinga, fyuzi panalibe olo imodzi. Mabampu a msewu wa fumbi anachita kuupala pang'onopang'ono mpaka unakhudza bodi, shoti, utsi tolo mu dashibodi ali ndi ana kumbuyo. Mwayi wake anali ndi sipanala pafupi anamasula batire msanga. Titasenda wayawo tinapeza kuti mkati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, kunja wonenepa bwinobwino chifukwa cha pulasitiki, chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi ocheperapo kusiyana ndi kopa, pafupifupi magawo 60 pa 100 okha, ndiye waya wotere umatentha msanga komanso umathothoka pa ma terminal.

Masamu ake ndi osavuta, light bar ya ma watt 120 pa ma volt 12 ikukoka ma amp 10, muonjezere ma spotlight awiri, filiji yomwe ikamalira imadya ma amp 4 kapena 5, kompresa yopopera matayala, wailesi yolankhulirana, ndiye zonsezo wina amafuna zidutse pa waya woyatsira ndudu. Ayi ndithu. Ife tsopano chilichonse chizikhala ndi fyuzi yakeyake, fyuzi yaikulu pafupi penipeni ndi batire, relay (kaswichi konyamula magetsi ambiri) pa magetsi onse akuluakulu, mawaya a kopa mu paipi yake, ndipo tizikupatsani pepala lojambula kuti waya uti wapita kuti, kuti galimoto ikakuferani ku Chitipa makaniko wa kumeneko asayambe kudula mwachisawawa. Sitidulanso mawaya a galimoto eni ake pofuna kubapo magetsi, pa galimoto za makompyutazi ukangodula polakwika dashibodi yonse imayaka ngati Khirisimasi.

Ma spotlight tizilumikiza ku full beam, kutanthauza kuti mukadipa nawonso azithima okha. Tikudziwa ena mumafuna swichi yapayokha, koma ifenso timayenda pa M1 usiku, timadziwa mmene zimawawira kuthobwa m'maso ndi munthu amene waiwala kuthimitsa, pomwe m'mbali mwa msewu muli a kabaza ndi anthu oyenda pansi. Pamenepa sitikambirana.

Winchi yokha ndi imene itsale pa batire ya injini, chifukwa ya mapaundi 12,000 ikamakoka galimoto yotitimira zenizeni imatha kufika ma amp 400 kapena kuposa, DC-DC charger singayandikire nkomwe pamenepo. Koma tiziika swichi yodulira magetsi ake, ndipo tisanamange tiziyesa kaye batire ndi alternator, zikakhala zofooka tikuuzani kuti musinthe kaye. Pokoka injini izikhala ikulira, muzikoka pang'ono nkupumitsa, osati kukanikiza batani mpaka motor inunkhe. Amene mumayenda ku Liwonde kapena ku chigwa cha Shire nthawi ya dzinja mukulidziwa dothi la makande lija mmene limagwirira, winchi imavutika zedi. Komanso bull bar yachitsulo (chotchinga kutsogolo kwa galimoto) kuphatikiza winchi ndi katundu wolemera kutsogolo, ngati matumba awiri a chimanga mwakhazika pa mphuno ya galimoto, ndiye masipuling'i ndi mashoko tiziona nawo, ndipo pa galimoto ya ma airbag timanga bull bar yokhayo yomwe inapangidwira ma airbag. Zowotcherera pa msika zija ndi zolimba inde, koma pa galimoto yotere sitimanga.

Tsopano za ndalama, poti ndi pomwe pagona nkhani kwa ambiri. Mtengo ukwera, sitikubisirani. DC-DC charger ndi yodula kuposa solenoid kangapo, waya wa kopa weniweni nawonso siwotchipa, ndipo zambirizi timaitanitsa ku Johannesburg, kwathu kuno sizipezeka mwachisawawa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo siikhazikika, forex ndiye mukudziwa nokha mmene ikuvutira, ndiye kotesheni yathu izigwira masiku 7 okha ndipo tizipempha dipoziti ya theka tisanaode katundu. Ntchito yomwe kale timati bwerani m'mawa madzulo mutenge, pano izitenga masiku awiri, pena atatu ngati pali mawaya akale ofunika kuchotsa. Mbali yabwino ndi yoti ntchito ya manja athu tikuika galanti ya chaka chathunthu, zomwe kale sitimayerekeza. Mukamangitsa zinthu zodula chonchi muziwauzanso a inshuwalansi anu, zilembedwe.

Amene muli ndi galimoto zakale za alternator wamba musade nkhawa, solenoid tipitiriza kukuikirani ngati batire yachiwiri si ya lithium, palibe chifukwa chokulipiritsani chinthu chomwe simukuchisowa.

Ndiye kwa nonse amene tinakumangirani solenoid pa galimoto yatsopano, chonde bweretsani tiyese, kuyesako ndi kwaulere, zimangotenga kanthawi kochepa mutha kudikira mukumwa tiyi. Tikapeza kuti batire yachiwiri sikuchaja, mugula charger yokha, leba sitikulipiritsani popeza kulakwa kunali kwathu. Yesetsani kubwera mvula isanayambe, ikangofika November pano pamadzadza ndi ofuna mawinchi ndi ma snorkel (mapaipi okokera mpweya wa injini m'mwamba) tsiku limodzi, ndiye uzani mnyamata wa pa kauntala akulembeni mu buku la mabukingi msanga.

Zikomo kwambiri potikhulupirira,

Ife anu,
Eni galaja ndi anyamata onse a zamagetsi