Lipoti la nthumwi: malire a mankhwala ndi kusiyana kwa matupi a anthu

A Wapampando ndi anzathu a zaumoyo m'boma lino la Zomba, munatituma ku msonkhano uja wokambirana za malire a mankhwala ndipo zomwe tabwera nazo ndi izi.

Tinayamba ndi komwe malire a mankhwala amachokera, kutanthauza mlingo umene ungalowe m'thupi la munthu patsiku osamuvulaza. Akatswiri amayesa mankhwala pa makoswe, n'kupeza mlingo waukulu umene sunawavulaze. Mlingowo amaugawa ndi 100: 10 woyamba poti munthu si khoswe, 10 wachiwiri poti anthufe sitifanana. Njirayi inayambira ku America mu 1954. Tinene kuti khoswe sanavulale ndi mamiligiramu 5 pa kilogalamu ya thupi lake patsiku. Malire a munthu akhala mamiligiramu 0.05 pa kilogalamu. Bambo wa makilogalamu 60 afika mamiligiramu 3, mwana wa makilogalamu 10 theka la miligiramu basi. Bungwe la WHO limagawanso 10 wachiwiriyo pawiri, 3.16 kuchulukitsa ndi 3.16: mbali ina ndi ya momwe thupi limayamwira mankhwala, kuwaphwanya m'chiwindi ndi kuwatulutsa mu impso, inayo ndi ya momwe ziwalo zimapwetekera mankhwalawo akafika.

Mkangano unali poti kodi 10 wachiwiriyu amakwanira. Ife tikuti kwa anthu athu, nthawi zina sakwanira.

Taonani poizoni wa chuku, aflatoxin, m'mtedza ndi chimanga. Komiti ya JECFA, ya akatswiri a United Nations oona za chitetezo cha zakudya, inapeza kuti munthu yemwe ali ndi kachirombo ka hepatitis B ali pa chiopsezo cha khansa ya chiwindi pafupifupi ka 30 kuposa yemwe alibe, atadya mlingo womwewo. Kuno katemera wa hepatitis B analowa pa ndondomeko ya ana mu 2002, choncho ambiri obadwa chakacho chisanafike sanabayidwe. Ndiye onjezanipo chizolowezi chathu: mtedza wabwino kumsika, wofota ndi woola ukhala nsinjiro za pakhomo, mpaka m'phala la mwana.

Pa madzi, WHO imawerengera malita 2 patsiku kwa munthu wa makilogalamu 60, ndi malita 0.75 kwa khanda la makilogalamu 5. Mukagawa ndi kulemera kwa thupi, khanda limamwa kanayi ndi theka kuposa wamkulu. N'chifukwa chake malire a nitrate (mchere wolowa m'madzi kuchokera ku fetereza ndi zimbudzi), mamiligiramu 50 pa lita, anaikidwa poganizira makanda omwa mkaka wosungunula, omwe magazi awo amalephera kunyamula mpweya mpaka khungu kuda bii. Zitsime zosaya zoyandikana ndi zimbudzi kapena madimba othiridwa fetereza ndizo zokayikitsa. Kuwiritsa sikuchotsa nitrate, kumangomuunjika madzi akamaphwera. Msodzi wa ku Chilwa kapena mlimi wa mpunga ku Likangala, mu Okutobala, malita 2 amawapitirira kutali, ndipo chilichonse chili m'madzimo chimalowa chochuluka.

Mtovu ulibe mlingo wotetezeka. Mwana amauyamwa kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, makamaka wosowa ayironi.

Njala nayo imasintha thupi. Poizoni wa chinangwa chowawa amasukulutsidwa ndi zomanga thupi zochokera ku nyemba, nsomba ndi mazira. Pomwe izi zikusowa, chinangwa chosavuwika bwino chimapuwalitsa miyendo, monga zinachitikira ku Nampula m'dziko la Mozambique mu 1981. Palinso chibadwa: ana ena aamuna amaperewera G6PD, chinthu choteteza maselo ofiira a m'magazi, ndipo timibulu toyera tothamangitsa njenjete tikaikidwa m'zovala za khanda lotere timaphwanya magazi ake, chikasu n'kubwera.

Tikupempha kuti mafomu athu oyendera zitsime, nkhokwe ndi madimba asinthe. Pakali pano timalemba zotsatira za muyeso zokha. Tionjezere omwe akumwa kapena kudya: zaka, kulemera kwa thupi, ngati pali woyembekezera, khanda losayamwa, wonyentchera kapena wodwala chiwindi ndi impso. Chitsime chomwe muyeso wake uli pafupi ndi malire, ngati pakhomopo pali khanda, chiyezedwenso mvula ikayamba. Fomu yatsopanoyo tiibweretsa pa msonkhano wathu wotsatira kuti muikonze ndi kuivomereza.