Makolo akuti mwana waulumali achoke pasukulu yathu, nditani?

Azakhali,

Ndine mlezi pasukulu ina ya mkombaphala m'boma la Zomba, cha kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ntchitoyi ndi yongodzipereka ndipo ndaigwira zaka 6. Tilipo alezi awiri, ana 47. Yemwe wandisowetsa tulo ndi mnyamata wa zaka 4, muno ndingomutchula kuti Chisomo ngakhale si dzina lake.

Mwanayu anabadwa bwinobwino. Ali ndi chaka ndi theka anadwala malungo aakulu amene anafika ku ubongo, ndipo potuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitauma. Sayenda, dovu limangotuluka, kulankhula nkovutikira, komanso nthawi zina amagwa khunyu ngakhale amamwa mankhwala. Koma nzeru zilimo. Tikamaimba nyimbo yowerenga manambala, iye amamenya pansi ndi dzanja lamanzere mpaka pa 10 osaphonya. Mayi ake amabwera naye kumbuyo m'mawa uliwonse, atasenza mpando wake wa makatoni omata umene anawapangira a mafizo ku Blantyre.

Mwezi wathawu khunyu linamugwira nthawi ya phala. Ndinachotsa mbale, ndikumugoneka cham'mbali monga anandilangizira mlangizi wa zaumoyo, mpaka anatsitsimuka. Ana anabalalika ndi kulira ndipo anakanena kwawo. M'mawa mwake ana 19 sanabwere.

Tsopano makolo akuti matendawa amapatsirana kudzera m'dovu. Ena akunong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira, ati chifukwa okala yawo anatsegula chaka chomwe mwanayo anadwala. Mnzanga amene ndimagwira naye ntchito ndi woyembekezera, ndiye safuna kumunyamula kapena kumuyang'anitsitsa, akuti angabereke wotero. Apampando a komiti anangondiuza kuti, "Mayi, pano si pachipatala." Amfumu, amene anatipatsa malowa, aitanitsa msonkhano Loweruka likudzali.

Ndisadziyeretse, Azakhali. Masabata oyamba nanenso ndinamanga kaulusi kofiira pasupuni yake ndipo ndinkaitsuka payokha. Anandichititsa manyazi ndi mtsikana wina wa zaka 5 amene amakonda kukhala pambali pake, kumutolera zitsekerero za mabotolo zowerengera, nkumamupukuta pakamwa ndi nsonga ya diresi lake. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, supuni ya Chisomo inalakwa chiyani?" Ndinasowa poyankha. Ulusi uja ndinaudula tsiku lomwelo. Ana okha alibe naye vuto, zonsezi akuzitenga kunyumba.

Mlangizi uja ananditsimikizira kuti khunyu silipatsirana, ndipo ndinamva pawailesi kuti kuyambira 2012 dziko lino lili ndi lamulo loletsa kusala anthu aulumali, kuphatikizapo pa maphunziro. Koma lamulolo silisonkha chimanga. Chimanga ndi soya za phala amasonkha ndi makolo omwewa, nkhuni ndi iwo, ophika ndi iwo. Akachotsa ana awo phala latha, ndipo phala likatha sukulu yatsekedwa, Chisomo yemweyo nkusowanso kopita.

Pali chimodzi chimene akunena zoona, ndipo chimandiwawa kuvomereza. Chimbudzi chathu nchokumba, khomo lake nlopapatiza. Ndikamunyamula kupita naye kumeneko, kumugwirizira mpaka amalize, ana 46 amatsala ndi munthu mmodzi. Kumudyetsa phala kumafuna kudekha, apo ayi amatsamwa. Pofika powerukira msana umakhala ukuphwanya. Maphunziro a ulezi amene ndinachita anali a masabata awiri okha, ndipo za ana otere tinangozilambalala. Ndimamva kuti ku Montfort, ku Nguludi, amaphunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, koma ine ndinalekezera JCE. Ndamvanso za bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM komanso FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Kodi mlezi wakumudzi ngati ine angakagogode kumeneko, kapena ndiyambire ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma?

Nanga mnzanga woyembekezerayu ndimulankhule bwanji osamukhumudwitsa? Ndi munthu wabwino, mantha okha. Ndipo pamsonkhanopo, kodi nkwabwino kuitana mlangizi wa zaumoyo kuti adzalankhule yekha, kapena anthu adzati ndawabweretsera boma kuti liwaopseze? Ndaganizanso zopempha agogo ake a mwanayu kuti azibwera masiku ena kudzathandiza, koma ndikuopa kuti zidzaoneka ngati tikumulipiritsa ulumali wake.

Dzulo madzulo mayi ake anabwera kwathu, nakhala pakhonde nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anati ngati mwana wawo wabweretsa mavuto, angomusunga kunyumba. Ine ndikudziwa tanthauzo lake: kumutsekera m'nyumba yekhayekha iwo akapita kumunda wa mpunga. Ndinawauza kuti abwere naye Lolemba monga mwa masiku onse. Ndinalonjeza ndisanadziwe chimene ndikanene Loweruka pamaso pa amfumu.

Ndithandizeni, ndikayambe ndi mawu ati?

Ine mlezi wothedwa nzeru,
Zomba