Rimoti si ya mpira wa ku England wokha, Loweruka tikufuna Springboks ndi All Blacks

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipumireko mu nyuzi yanu chifukwa zomwe watichita mkulu wina wa bala pano pa Ntcheu boma Lolemba madzulo ndikapanda kuzinena zinditupitsa mimba. Dzina la bala sinditchula, mwini wake akudzidziwa.

Ife okonda rugby kuno, ambiri ndi oti tinakhalako ku Joni, tinasonkherana ndalama kumuthandiza mkuluyu kulipira DStv ya mwezi uno ndipo pangano linali lomveka bwino lomwe, sabata ya gemu ya Springboks ya ku South Africa ndi All Blacks ya ku New Zealand TV yaikulu ija ndi yathu, mapulogalamu okambirana za gemu komanso gemu yeniyeniyo Loweruka. Anavomera, ndalama analandira ndi manja awiri mpaka kuziwerenga monyowetsa chala ndi malovu. Lolemba tafika, takhala, a pa SuperSport angoyamba kumene kukambirana za benchi, mkulu uja wapisa m'thumba la jekete watulutsa rimoti yake yomanga ndi mphira ija, basi tchanelo chasintha. Waika chani? Gemu ya ku England yoseweredwa kale Lamulungu, yoti ngakhale mnyamata wogulitsa mazira owiritsa pakhomo paja akudziwa kuti inatha bwanji. Titafunsa akuti "makasitomala anga sakonda za anthu ogwetsana pansi", kenako akuwonjezera kuti Loweruka nalonso tiona kaye ngati kulibe mpira weniweni. Mpira weniweni eti! Ndalama zathu zija ndiye zinali zenizeni, masewera athu okha ndiye abodza.

Poti bwana rimoti anatimana zoti timve, ndilemba ndekha zomwe akanaphunzira akanangodekha pang'ono, mwina wina amuwerengera.

Gemu imeneyi ikathera pa benchi, ine ndiye ndikutero. Timu ya rugby imatchula anthu 23, m'bwalo mumalowa 15, otsala 8 amadikira panja. Mwachizolowezi pa benchi pamakhala ma forward 5, zimphona zokankhana kutsogolo, ndi ma back 3, othamanga ndi mpira kumbuyo, koma kochi wa Springboks Rassie Erasmus ndi anzake anasokoneza zimenezo, mu World Cup ya 2019 ankaika ma forward 6 omwe anthu anawatcha Bomb Squad, ndipo mu 2023 pa Twickenham anaika 7, back mmodzi yekha, All Blacks inakwapulidwa 35-7. Nzeru yake ndi yosavuta kumva, zimphona zoyamba zikukankheni mpaka mutope, hafu yachiwiri ikangoyamba zituluke kulowe zimphona zina zatsopano zoti sizinatuluke thukuta ngakhale dontho, inu muli omwe aja miyendo ikunjenjemera. Koma njira imeneyi ili ndi ngozi yake. Mu fainolo ya 2023 ku Paris benchi inali ya 7-1 yomweyi, Bongi Mbonambi anavulala gemu itangoyamba, Deon Fourie anasewera pamalo pake ngati hooker, wa pakati pa mzere wakutsogolo wa ma forward, pafupifupi gemu yonse, ndipo akanati avulalenso Faf de Klerk panalibe scrumhalf wina pa benchi, yemwe amatulutsa mpira kwa ma forward kupatsa ma back. Anapambana 12-11 inde, koma ife oonera mitima inali m'mwamba mpaka wezulo yomaliza. Ndiye funso lomwe timafuna kumva Lolemba lija ndi lakuti ulendo uno aika 5-3, 6-2 kapena 7-1, chifukwa ukangoona benchi wadziwa kale gemu yomwe kochi akufuna kusewera. Mmalo mwake tinaonera chigoli choti tinachiona kale pa foni.

Nkhani ya scrum, pomwe ma forward a matimu onse awiri amawerama n'kukankhana kulimbirana mpira, ndiye imene mkulu uja amati kugwetsana pansi. Akafunse anthu a ku England omwe amawapembedzawo. Semi fainolo ya 2023 England imatsogola 15-6 mvula ili mkati, aliyense akuti Springboks yapita kwawo, analowa Ox Nche ndi Vincent Koch n'kuyamba kuipinda scrum ya England, ma penati akungobwera, RG Snyman anagoletsa try, kutsitsa mpira kuseri kwa mzere wa adani, kenako kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu scrum inaperekanso penati ina Handré Pollard n'kuimenya kuchokera cha pakati pa bwalo, 16-15. Anthu 8 mbali iyi 8 mbali iyo, mapewa kulumikizana, amene wabwerera m'mbuyo kapena kugwetsa bondo wapereka mapointi 3 kapena mamita 40 a bwalo. All Blacks ikuzidziwa zimenezi ndipo scrum yawo si yofooka ngati ya matimu ena, ndiye ine ndikuona kuti hafu yoyamba agwirana bwinobwino, nkhondo yeniyeni iyamba ikamakwana mphindi ya 55 kapena 60 pamene ma prop achiwiri, okankha kutsogolo kwa scrum, alowa.

Ndiye muwonjezerepo za bwalo. Ellis Park ya ku Joni, komwe kukhale gemuyi, ili pamtunda woposa mamita 1,700, kukwera kuposa pa Dedza boma pomwe, mpweya ndi wopepuka, mpira ukamenyedwa umapita kutali ndipo mlendo wochokera ku nyanja chifuwa chimayamba kuwotcha gemu ikamapita kumapeto. Mu 2024 pa bwalo lomweli All Blacks imatsogola 27-17, anthu tinali titayamba kale kuyang'ana pansi, mmodzi wawo analandira khadi yachikasu, Kwagga Smith ndi Grant Williams onse ochokera pa benchi anagoletsa, gemu inatha 31-27. Benchi yomweyo. Sabata yotsatira ku Cape Town 18-12.

Koma musaone ngati ndikuimba nyimbo ya Springboks yokha, ndili ndi nkhawa yanga. Chibwerereni Tony Brown, kochi wothandizira, mu 2024, amenenso ndi wa ku New Zealand komweko, anyamatawa akukonda kuthamanga ndi mpira kwambiri, zimakoma m'maso koma nthawi zina amaiwala chomwe chinawapatsa makapu. Pa Ellis Park pomwepo mu 2025 anatsogola Australia 22-0, anayamba kuponyerana mpira paliponse ngati gemu yatha kale, mapeto ake analuza 38-22. Ukachita zimenezo ndi All Blacks ndiye wadzikumbira dzenje, chifukwa mphamvu yawo yaikulu ndi mpira wotayika. Ardie Savea akangoona munthu wagwa yekha opanda omuteteza walowa kale manja ali pa mpira, ndipo ukamenya kick yopanda mutu n'kugwera m'manja mwa Will Jordan kapena Beauden Barrett kapena Damian McKenzie uyambe kuwerenga mapointi 7. Difensi ya Springboks imathamangira kutsogolo mwaliwiro kuti ikutsekereni mpira usanafike kumapiko, koma ikaphonya munthu mmodzi kuseri kumakhala pululu, ndipo a New Zealand amakonda kumenya timakick tating'ono todutsa pamwamba pa mzere umenewo. Komanso All Blacks ibwera ndi mkwiyo. Mu September 2025 anapambana Springboks 24-17 pa bwalo lawo la Eden Park pomwe anali asanaluzepo chiyambire 1994, koma sabata yotsatira ku Wellington atatsogola 10-7 pa hafu anamenyedwa 43-10, kuluza kwakukulu m'mbiri yawo yonse, pakhomo pawo, ana awo akuonera. Timu yotere siibwera kudzacheza.

Pa nambala 10 wa Springboks, woyendetsa gemu ndi kumenya ma kick, ndiye pali mkangano womwe ife timakangana mpaka mowa kufunda. Achinyamata akufuna Sacha Feinberg-Mngomezulu, ndipo sindikuwatsutsa, mwana ameneyu anagoletsa mapointi 37 yekha pa gemu ya Argentina ku Durban. Ine pa gemu ya All Blacks ndimagona tulo akakhalapo Pollard ngakhale pa benchi, chifukwa mapointi 12 onse a fainolo ija anali a mwendo wake, pamene mbali inayo Richie Mo'unga ndi Jordie Barrett anaphonya ma kick omwe akanasintha zonse. Magemu a matimu awiriwa nthawi zambiri amathera pa zinthu zazing'ono choncho, ndi makhadi. Sam Cane analandira yofiira mu fainolo, Siya Kolisi ndi Cheslin Kolbe zachikasu, masiku ano phewa likangokhudza mutu wa mnzako refa akuitana a pa TV. Amene akhale ndi anthu 15 m'bwalo nthawi yaitali ndi amene apambane, ndipo ndikuona Springboks ikupambana ndi mapointi osaposa 7 ngati sayamba zamasanje zija. Lineout nayo, kudumphira mpira woponyedwa kuchokera m'mbali mwa bwalo, Eben Etzebeth akakhala bwino palibe vuto, sinditayapo nthawi.

Zonsezi mkulu wa rimoti akuti ndi kugwetsana pansi. Ndipo panali kasitomala wake wina, wa jezi ya timu ya ku London yosuluka, amene ataona zithunzi za haka, gule wa Amaori yemwe All Blacks imavina gemu isanayambe, anayamba kuseka kuti awa akutulutsa malilime ngati amisala. Mngoni wa pa Ntcheu kuseka haka! Munthu woti chaka ndi chaka amapita ku Nkolimbo pa Umhlangano kukaponda ingoma chishango kumanja nthenga kumutu fumbi kuti kobo, lero akuseka Amaori poponda pansi asanalowe m'nkhondo yawo. Inkosi ya Makhosi Gomani itamva zimenezi ingadandaule ndithu.

Ine ndikuti a khonsolo ya Ntcheu omwe amapereka ziphaso za mabala aimve nkhaniyi, a CAMA oimira ogula aimve, a Competition and Fair Trading Commission aimvenso, chifukwa kulandira ndalama ya munthu pa chinthu china n'kumupatsa china ndi kuba basi, kaya ndi shuga wosakwana sikelo kaya ndi tchanelo. Wina anena kuti nkhani ya rimoti mpaka kuitanira maofesi onsewa, eya mpaka, ndalama sizikupezeka masiku ano ndipo ena mwa omwe anasonkha ndi anyamata a kabaza. Mkuluyu akanatiuza poyamba kuti bala yake ndi kachisi wa mpira wa ku England tikanapita kwina mwaulemu.

Koma vuto si la iye yekha, iye wangotengera zomwe dziko lonse likuchita. Tsegulani wailesi nthawi ya zamasewera, mpira wamiyendo mphindi zonse, netiboli pang'ono Queens ikamasewera, nkhonya mwa apo ndi apo, basi pulogalamu yatha. Masamba akumbuyo a nyuzi chimodzimodzi, mpaka kutiuza zoti osewera wina wa ku Spain wasintha galimoto. South Africa yatenga World Cup kanayi, 1995, 2007, 2019 ndi 2023, palibe dziko lina lafikapo, ndi timu ya mu Africa muno, ya dziko lomwe mabasi amanyamula abale athu tsiku ndi tsiku kudutsa pa Dedza border, koma kuti muone ndime imodzi yofotokoza gemu yawo isanachitike ndiye mpaka mutopa. Amene amati ndi masewera a azungu akhala akugona kuyambira liti? Kolisi anakulira ku Zwide movutika ndipo wanyamula kapu kawiri ngati kaputeni. Tendai Mtawarira uja ankati Beast anabadwira ku Harare, anasewerera Springboks magemu 117. Zimbabwe yomweyi mu 2025 inagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala ndipo ikupita ku World Cup ya 2027 ku Australia, koyamba chichokereni 1991. Anzathu a pafupi pomwepa, mavuto a ndalama ngati athu omwe.

Nanga ife matupi tilibe? Imani pa Tsangano turn-off kapena pa Lizulu tsiku la msika muone anyamata akukweza matumba a mbatata ya kachewere mu lole, thumba lotalika kuposa mwini wake lili pakhosi iye akuthamanga nalo pa thabwa. Ameneyo ndi prop wobadwa kale, akungosowa womuuza kuti kuli masewera omwe khosi limenelo ndi chuma. Ku sukulu akamuona wonenepa amamuika pagolo kapena kumuuza kuti azisunga malaya a anzake. A Malawi National Council of Sports ndi a unduna wa zamasewera, mipira ya rugby siidula kuposa ya miyendo, ndipo yongogwirana popanda kugwetsana ana atha kuyamba nayo ngakhale pa bwalo la fumbi la pulayimale.

Mwachidule poti ndatalikitsa, eni mabala ndi ma video show azilemba pa bolodi panja gemu yomwe aonetse tsiku limenelo ndipo akalemba asasinthe, amene walandira ndalama za gulu asunge pangano kapena abweze zonse Lachisanu lisanathe kuti tikapeze malo ena, ka TV kakang'ono kali ku kauntala kaja kangakwane oonera zobwereza. Nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzi ndiye palibe chonamizira kuti gemu ili usiku kapena m'mamawa. Ndipo inu a Mkonzi, tipatseniko kakona kamodzi pa tsamba la zamasewera Lachisanu, mayina 23 a timu iliyonse ndi mmene benchi yagawidwira, zinazo tikangana tokha.

Wokonda rugby wokwiya,
Ntcheu boma