Ku gemu mlandu umagwa kapena munthu amafa mu ola loyamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za asilikali a gemu, omwe ambiri kuno ku Zomba timangowaona ngati anthu a mfuti othamangitsa otola nkhuni. Paki ya Liwonde ili pakhomo pathu pomwepa, ku Machinga. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 bungwe la African Parks lakhala likuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Tikamamva zoti agwira munthu ndi nyama kapena ng'ona yaluma msodzi mu Shire, timamva mathero ake okha. Koma zambiri zimatheka kapena kuwonongeka mu ola loyamba, apolisi ndi ambulansi asanafike.

Ndiyambe ndi khwekhwe, chifukwa ndiye mdani wamkulu kuposa mfuti ya gogodela. Ndi waya wamba wopindidwa ngati mkombero, mbali ina womangiriridwa ku mtengo, wotcheredwa pa njira yomwe nyama zimadutsa popita kukamwa madzi. Wotcherayo amafuna nswala kapena njiri, koma waya sasankha. Amagwira mwendo wa mkango, amagwiranso chitamba cha njovu, ndipo nyama ikamakoka ndi pomwe iye amalowerera m'mnofu mpaka kufika pa fupa. Msilikali akapeza khwekhwe limodzi sangolimasula n'kumapita. Amadziwa kuti munthu satchera limodzi, choncho amafufuza mzera wonse, kulemba malo ake pa GPS, kujambula, kenako n'kuwerenga ndi kuchotsa. Akapeza nyama yamoyo yokodwa, sayandikira. Njati yovulala imapha munthu. Amaitana dokotala wa ziweto kuti aibaye mankhwala ogonetsa, ndiye waya adulidwe.

Tsono pa kugwira munthu ndi pomwe pali nkhani. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Chilango chikakula chotere, khoti nalo limafuna umboni wosagwedera, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Katundu ajambulidwe pomwe wapezekapo asanasunthidwe. Alembedwe mmodzimmodzi: makhwekhwe angati, nyama yolemera makilogalamu angati, mkondo, nkhwangwa, tochi. Chilichonse chikhale ndi chizindikiro chake, ndipo aliyense amene wachilandira asayine, kuchokera kutchire mpaka ku polisi. Milandu yabwinobwino imagwera pa zinthu zazing'ono. Agwira anthu atatu, katundu wawo yense n'kumuunjika m'thumba limodzi. Kukhoti woweruza akafunsa kuti nkhwangwa iyi inali m'manja mwa yani, palibe woyankha. Kapena nyama yaola asanaiyeze ndi kuizindikira kuti ndi ya mtundu wanji, woganiziridwayo n'kunena kuti inali mbuzi.

Palinso malamulo oyendetsera dziko, omwe amati womangidwa auzidwe chifukwa chake ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Kumenya munthu yemwe wagwidwa kale si chilango, ndi mlandu wina, ndipo kumaipitsa mlandu woyambawo. Komanso mudzi womwe mwana wake wabwerako ndi nthiti zothyoka sudzatsinanso khutu asilikali za anthu ogula minyanga. Ameneyo ndiye mtengo wake weniweni.

Za ngozi nazo. Ng'ona ikaluma kapena mvuu ikagubuduza bwato, chomwe chimapha msanga ndi kutaya magazi. Choyamba ndi kukanikiza pa bala mwamphamvu ndi nsalu, osasiyasiya kuti muone ngati aleka. Magazi akamatumphuka pa mkono kapena mwendo osaleka, amamanga lamba wapadera masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pa bondo kapena pa chigongono, n'kumanga mpaka magazi asiyiretu. Nthawi yomwe wamangidwa ilembedwe, ngakhale pa chipumi cha wovulalayo, kuti a chipatala adziwe. Cholakwika chofala ndi kumva chisoni wovulala akamalira n'kumamasulako pang'ono. Pamenepo ndiye magazi amathera. Bala la ng'ona, ngakhale lioneke laling'ono, limakhala ndi tizilombo tambiri ndipo likufunika chipatala tsiku lomwelo.

Koma lamba yemweyo pa njoka ndi woopsa. Mphiri ikaluma, ululu wake umawononga mnofu pamalo pomwepo, ndipo kumanga ndi mphira wa njinga, monga timachitira kumudzi, kumangofulumizitsa kuti mwendo udzadulidwe. Osatema mphini, osayamwa, osataya nthawi kusaka njokayo. Vulani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, mangirirani mwendo ku thabwa kuti usamagwedezeke, munyamuleni munthuyo asayende yekha. Njoka yolavula ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zingapo.

Njovu zikatuluka m'paki, anthu amafulumira kunena kuti a gemu akugona. Nthawi zina n'zoona kuti amachedwa. Koma tiyeni tionenso mpanda wamagetsi wozungulira pakiyo. Umayendera mphamvu ya dzuwa ndi mabatire, ndipo udzu wautali wa dzinja ukamakhudza waya, magetsi amathawira pansi, mpanda n'kungotsala dzina. Wina akaba batire kapena kudula waya kuti akapangire makhwekhwe, watsegulira njovu chipata cholowera m'munda mwa mbale wake yemwe. Njovu zazimuna zina zinachenjera kale: zimagwetsera mtengo pa mpanda kapena kukoka waya ndi minyanga. Zikalowa m'mudzi, khamu la anthu ndilo vuto lalikulu. Ana akuthamangira kukaonerera, achinyamata akugenda, ena akujambula pa foni, njovu n'kusowa kothawira. Asilikali amayamba ndi kubweza anthu ndi kusiya mpata wolunjika ku paki, kenako n'kuzipirikitsa ndi phokoso kuchokera mbali imodzi yokha. Kuwombera m'mwamba njira yotulukira itatsekeka ndi kuitana maliro.

Chomwe chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi phiri lathu la Zomba. Ilo si paki, ndi nkhalango yotetezedwa ya nthambi ya zankhalango, koma ngozi zake n'zofanana. Alendo amaterereka pa miyala yonyowa ku Williams Falls, ena amasochera nkhungu ikatsika cha ku Chingwe's Hole, ndipo chilimwe chilichonse moto umalusa m'mapaini pamwamba pa damu la Mulunguzi lomwe timamwako tonse. Moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika, choncho wouthawa molunjika kumtunda amapezeka nawo. Pothawira pabwino ndi cham'mbali kapena pomwe papsa kale. Wogwa pathanthwe yemwe akudandaula khosi kapena msana sanyamulidwa ngati thumba la chimanga, amafunika machira ndi anthu anayi kapena kuposa, wina atagwira mutu. Kodi alonda a m'phiri ndi anyamata operekeza alendo anaphunzitsidwa zimenezi?

Pempho langa kwa akuluakulu a zankhalango ndi khonsolo ya mzinda ndi loti apemphe aphunzitsi a asilikali a ku Liwonde adzaphunzitse anzawo a m'phiri muno, ngakhale sabata imodzi pa chaka moto usanayambe. Gulu lililonse lolondera likhale ndi wailesi yolumikizirana, malamba awiri oletsa magazi, mabandeji, magolovesi ndi kabuku kolembamo. Ndipo pa chipata chokwerera phiri, komanso kwa nyakwawa iliyonse yoyandikana ndi mpanda wa Liwonde, pakhomedwe nambala ya foni imodzi yomwe imayankhidwa ngakhale 2 koloko usiku.

Ine wowerenga wanu,
Zomba