Mwana wanga, nyumbayo idikire kaye

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija limavuta m'mawa kukazizira. Bambo ako akupereka moni kwa iwe, kwa mpongozi wathu ndi kwa kamdzukulu kathu. Koma chondilembetsa kalatayi si moni ayi.

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndinachita kumupanikiza ndine, chifukwa mawu ako pafoni masiku ano sakumveka ngati ako. Akuti unapita kwa munthu wa katapila kukabwereka ndalama zoti ubwezere ngongole ya pafoni, pamene ya kubanki ija, ya galimoto, sinathe. Ndiye pamwamba pa zonsezi akuti Loweruka lililonse ukuyendayenda kuona nyumba zogulitsa, ndipo mwezi ndi mwezi ukupatula ndalama ya dipoziti, ija munthu amayamba wapereka yekha pogula nyumba. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Usaganize kuti sindikufuna kuti ukhale ndi nyumba. Ndani sangafune? Ndikudziwa mmene lendi imawawira, ndalama yopita osabwerera, mwini nyumba n'kumakweza mmene wafunira. Ndikufunitsitsa ndidzalowe pakhomo pako pakopako ndisanafe. Koma mwana wanga, kubwereka kuno kuti ubweze uko, chimenecho ndiye chandiopsa. Munthu akayamba zimenezo sazindikira tsiku limene wamira.

Takhala pansi tiwerengere limodzi, paja masamu unkakhoza ndiwe. Wakatapila akati 30 peresenti pamwezi, m'khutu zimamveka zochepa. Wabwereka 100, pakutha pamwezi ubweze 130. Ukalephera, 30 ija amaiphatikiza ku ngongole, ndipo mwezi wachiwiri chiwongoladzanja amawerengera pa 130, ndiye zakwana 169. Mwezi wachinayi zadutsa 285. Chaka chikatha usanabweze kanthu, 100 ija yapitirira 2,300. Ndi malipiro ati amene amakula chonchi? Tsono taona mbali inayi. Ndalama imene ukusunga ya nyumbayo, banki ikakupatsa 5 peresenti pachaka, 100 yako ibala 5 basi, chaka chathunthu. Ngakhale ngongole ya kubanki yomwe, ikakhala ya 25 peresenti pachaka, pa 100 iliyonse imene waisunga m'malo mobwezera ngongole ukutaya 20. Ukuthira madzi m'ndowa yobooka, n'kumadzitonthoza kuti ukutunga.

Choncho ndalama ya dipoziti imene wasungayo, katenge, ukamulipire wakatapilayo sabata ino. Yonse, ngati ikukwana. Akulembere papepala kuti mwathana, asaine, ndipo ngati unasiya chikole kapena khadi lako la kubanki, ubwere nazo tsiku lomwelo. Ndikudziwa zikuwawa, ndalama unaisonkhanitsa movutikira, ndipo uona ngati wabwerera pambuyo. Sunabwerere pambuyo. Ndalama imeneyo sinali yako n'kale, inali ya munthu amene uli naye ngongole.

Ukukumbukira tsiku lija kwa malume ako? Unali wamng'ono koma unalipo, unandigwira chitenje osafuna kundisiya. Anthu aja anabwera m'mawa ana asanapite kusukulu. Ananyamula mipando, wailesi, makina osokera a azakhali ako, mpaka matiresi. Msuweni wako anangoima pakhomo chikwama chili kumsana, osalira, osayankhula. Pamene panali kabati panatsala chizindikiro pasimenti, malo oyera pakati pa fumbi. Azakhali ako anamva tsiku lomwelo kuti pali ngongole. Tsiku lomwelo! Malume ako sanali munthu woipa, sankamwa, sankatchova juga. Ankangobwereka kuti atseke dzenje, mawa n'kubwerekanso kuti atseke linalo, ali chete, poopa kuti anthu amuseka.

Ndiye ndikufunse: mpongozi wanga akudziwa? Zonse, osati theka? Ngati sakudziwa, usiku uno mwana akagona ukhale naye pansi umuuze. Akwiya, mwina alira, ndipo ali ndi chifukwa. Koma ndi bwino amve kwa iwe kusiyana n'kuti amve kwa anthu ogogoda pachitseko. Paja akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo mtsikana amene uja ali ndi mutu, ndinamuona mmene amagwirira ndalama nthawi ya ukwati wanu. Akuthandiza kuposa anzako onse aja.

Mukakhala pansipo, tengani pepala. Mulembe ngongole iliyonse payokha: mwini wake, ndalama yotsala, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lobweza. Musasiye ngakhale imodzi, ngakhale ya mnzako wa kuntchito imene ukuti ndi yaing'ono. Anthu ambiri angongole sadziwa kuti zonse pamodzi ndi zingati, amaopa kuphatikiza. Iwe phatikiza. Chiwerengerocho chikuopsa tsiku loyamba lokha.

Ukatero, ngongole iliyonse uziipatsa kachigawo kake kamene munagwirizana, kuti pasakhale chindapusa cha kuchedwa. Koma ndalama iliyonse yotsala, iliyonse, ipite ku ngongole imodzi yokha, imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu kuposa zonse. Imeneyo ikatha, ndalama yonse imene inkapita kumeneko uisamutsire ku yotsatira, osati kuthumba lako. Ena amati yamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri kuti uone imodzi itafufutidwa, mtima ulimbe. Nzeru imeneyonso ndi yabwino kwa munthu wofooka msanga. Koma iwe ndimakudziwa, ukaona masamu akuyenda sutopa, ndiye yamba ndi yolusayo. Wakatapila poyamba, ya pafoni pambuyo pake, ya kubanki pomaliza.

Za ngongole za pafonizi, ndimadana nazo. Munthu ali pabedi, kungodina kawiri ndalama yalowa, osaona nkhope ya munthu, osachita manyazi. Amati ndi kandalama kochepa ka masiku 30, koma kawerengere pachaka uone. Chotsa zimenezo mufoni mwako. Ndikunenetsa, chotsa.

Kubanki upite wekha, usadikire kuti akuitane. Ukawauze kuti zinthu zathina, ndipo ukufuna kubweza koma mogwirizana ndi mphamvu zako. Banki imafuna ndalama yake, ndipo kawirikawiri imalola kukambirana ndi munthu wobwera yekha kusiyana ndi wothawa. Akakuuza zophatikiza ngongole zonse kukhala imodzi, usavomere msanga chifukwa choti ndalama ya pamwezi yachepa. Ikhoza kuchepa chifukwa awonjezera zaka, mapeto ake n'kulipira zambiri. Funsa funso limodzi: ndikadzamaliza, zonse pamodzi ndidzakhala nditapereka zingati? Ufunsenso ngati chiwongoladzanja akuwerengera pa ndalama yotsala kapena pa ndalama yonse imene unatenga poyamba. Pamenepa ambiri amapusitsidwa. Ngongole ya zaka 2 ya 20 peresenti yowerengera pa ndalama yonse ya poyamba, kunena zoona ndi pafupifupi 35 peresenti, chifukwa ukulipirabe chiwongoladzanja pa ndalama imene unabweza kale. Ufunsenso ngati pali chilango munthu akabweza nthawi isanakwane. Usasaine pepala limene sunaliwerenge mpaka pansi, ngakhale pamzere pali anthu akukudikira.

Ndipo kumbukira kuti mabanki amasunga mbiri ya mmene munthu amabwezera, ndipo amauzana kudzera m'mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Mwezi uliwonse umene ukuchedwa ukulembedwa. Tsiku limene udzapite kukapempha ngongole ya nyumba, mbiri imeneyo idzafika iwe usanakhale pampando. Ukuona tsopano? Kubweza ngongole bwino lero ndiye kumanga nyumbayo.

Bambo ako akadali ndi kope lawo lija lachikuto chofiira, lokhala ndi pensulo yomangirira ku ulusi. Munkawaseka inu ana, eti amalemba ngakhale ndalama ya machesi. Koma kope limenelo ndi limene linakuphunzitsani nonse atatu, palibe amene anabwezedwapo kusukulu chifukwa cha fizi. Dzulo ndawapeza akulembamo, magalasi ali pamphuno. Chita chimodzimodzi kwa mwezi umodzi wokha, mufoni kapena m'kope, ulembe chilichonse chotuluka m'thumba. Udzadabwa kuti si zinthu zazikulu zimene zikukudya. Ndi tating'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, ndi kugulira anzako Lachisanu malipiro akangolowa. Anzako amenewo sindiwanena zambiri, ukuwadziwa wekha. Ndi angati mwa iwo akudziwa kuti uli m'ngongole, nanga ndi angati angakubwezere? Ndipo wina asakunyengerere kuti umusainire ngongole yake. Iye akathawa, banki idzagwira iwe.

Bajeti yako uzipanga malipiro asanalowe, osati atatha. Lendi, chakudya, mayendedwe, sukulu ya mwana, ngongole. Zimenezi poyamba. Zotsalazo ndiye mukambirane. Galimoto ija uiganizire bwino. Sindikuti ugulitse, koma werengera mafuta, inshuwalansi, kukonzetsa ndi ngongole yake pamwezi, uone ngati ikukutumikira kapena ukuitumikira ndiwe. Ndinakuuza nthawi ija kuti dikira, sunandimvere. Basi, zapita, sindibwerezanso.

Ndalama imene umatitumizira mwezi ndi mwezi, idule pakati. Takambirana ndi bambo ako ndipo tagwirizana. Sitifa ndi njala. Sindingadye ndalama ya mwana wanga ndikudziwa kuti waitenga kwa wakatapila, ingandikhale pakhosi. Usatsutse zimenezi. Ndipo achibale ena akakupempha, phunzira kunena kuti pakali pano sindingathe. Akunena kumbali mwezi umodzi, kenako aiwala.

Chinthu chimodzi chokha ndikuti usunge ngakhale ngongole zisanathe: kandalama ka mwadzidzidzi. Koyamba kakhale kokwana zofunika za mwezi umodzi. Mwana akadwala usiku, kapena galimoto ikafa, ukatenge pamenepo, osati kubwerera kwa munthu uja. Popanda kameneka udzabweza ngongole lero, mawa n'kubwerekanso. Ngongole zodulazo zikadzatha, kakulitse kafike pa miyezi 3, ngati n'kotheka 6, chifukwa ntchito imatha osatsanzika.

Ukafika pamenepo ndiye tiyambe kukamba za nyumba, ndipo udzaona kuti ziyenda msanga kuposa mmene ukuganizira. Ndalama yonse imene inkapita ku ngongole, wazolowera kale kukhala popanda iyo. Usadzaizolowerenso. Tsegula akaunti yapadera, yopanda khadi, ndipo uuze banki kuti tsiku la malipiro izisamutsa yokha usanaigwire. Usasunge m'nyumba. Funafuna kumene ingabale phindu loposa kukwera kwa mitengo ya zinthu, chifukwa zinthu zikamakwera ndi 10 peresenti pachaka iwe n'kumalandira 5, ndalama yako ikuchepa mphamvu ngakhale chiwerengero chikukula. Koma wina akadzakuuza kuti bweretsa ndalama ibala kawiri pamwezi umodzi, thawa. Ameneyo ndi wakuba.

Obwereketsa ambiri amafuna kuti munthu ayambe wapereka yekha gawo la mtengo wa nyumba, kawirikawiri 10 kapena 20 peresenti. Ukapereka zambiri poyamba, ngongole imachepa. Ndipo ngongole ya nyumba si masewera, mwana wanga. Ya zaka 20 pa 10 peresenti, pomaliza umakhala utabweza kuposa kawiri ndalama imene unabwereka. Pa 15 peresenti, kuposa katatu. Zaka zoyambirira pafupifupi ndalama yonse imene ukupereka imathera ku chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo imangosuntha pang'ono. N'chifukwa chake kuwonjezera kangachepe pamwamba m'zaka zoyambazo kumadula zaka zambiri kumapeto. Ufunsenso ngati chiwongoladzanjacho n'chokhazikika kapena chimasintha, chifukwa chikakwera, ndalama ya pamwezi ikwera nacho, malipiro ako ali pomwepo. Ngongole zonse pamodzi zisadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mumalandira. Banki ikakuuza kuti ukhoza kutenga zambiri, usakondwe. Tenga zimene ungabweze ngakhale mmodzi wa inu ntchito itamuthera.

Mtengo wa nyumba si umene amakuuza wogulitsa uja wokha. Pali loya, pali msonkho wosinthira umwini, pali woyesa mtengo wa nyumba, inshuwalansi, ndipo denga likadontha palibenso mwini nyumba woti umuimbire foni. Ndipo usadzapereke ndalama kwa munthu usanakafufuze ku ofesi ya boma yoona za malo kuti mapepala ndi enieni, dzina ndi lake, ndipo nyumbayo sinaikidwe chikole kwina. Anthu agulitsidwapo malo amodzi atatuatatu. Nyumba yoyamba isakhale yoti anthu aione, ikhale yoti mugonemo mtima uli m'malo. Zipinda ziwiri zikukwanirani.

Ndakukalipira kwambiri, ndikudziwa. Koma ndiwe mwana yemwe uja unkasunga timakobidi m'chitini cha mkaka, osalola aliyense kukhudza mpaka unagula mpira wako wekha. Mtima umenewo ukadali nawo, wangosokonezeka chifukwa chofulumira. Anzako agula nyumba, inde, koma sukudziwa zimene zimawalepheretsa kugona.

Wakatapilayo, mwana wanga. Sabata ino, osati mwezi wamawa. Ndipo usabwerekenso kwina kuti umulipire. Ngati ndalama ya dipoziti siikwana, undiuze yatsala zingati, bambo ako akuti pali kangachepe kamene angathandize, kopanda chiwongoladzanja koma kobweza, ndipo akalemba m'kope muja.

Lamlungu madzulo undiimbire, mpongozi wanga ali pomwepo, ndimve mawu a nonse awiri. Pepala la ngongolelo ulijambule unditumizire, ndikufuna ndilione ndi maso anga. Kamdzukulu kanga ukapsompsone, ndipo undiuze ngati chifuwa chija chinatha.

Ndine mayi ako.